Phungu woluza kudera koma osatuluka m'Nyumba: tithandizane za Murdo Fraser

NaBanda_Blair
Abale anga a pagulu pano, safunsa anadya phula. Dzulo m'mawa pobwera ku shifiti ya usiku ndapeza kapepala pakhomo, ka bambo wina dzina lake Murdo Fraser wa chipani cha Conservative, akuti ndi phungu wanga ku Nyumba ya Malamulo ya Scotland. Chomwe ndimadziwa ine n'chakuti phungu wathu kuno ku Blairgowrie ndi John Swinney, yemwenso ndi nduna yaikulu ya Scotland. Nditamuonetsa mayi wina wachizungu amene ndimagwira naye ntchito, anangoseka, amvekere Fraser ameneyo wapikisana ndi Swinney kambirimbiri osapambana n'kamodzi komwe, koma ali m'Nyumbamo kuyambira 2001. Zimatheka bwanji zimenezi? Kwathu ku Ntcheu ukaluza umabwerera kukalima kachewere.

Joni_Boy
Ndiye kuti tipeksi inafika mpaka kwa azungu? kkkk

Mphunzitsi_Stirling
Ayi achimwene, palibe tipeksi apa. Achemwali a NaBanda, mnzanuyo sananame, nkhani yagona pa kavotedwe. Nyumba ya Malamulo ya Scotland, imene imatchedwanso Holyrood, ili ndi aphungu 129. Mwa iwowa, 73 amasankhidwa ngati kwathu: dera limodzi, wapeza mavoti ambiri watenga mpando. Otsala 56 amachokera m'zigawo 8, chigawo chilichonse aphungu 7. Tsiku lovota amakupatsani mapepala awiri. Loyamba mumachonga munthu, lachiwiri mumachonga chipani, ndipo chipani chilichonse chimakhala chitandandalika kale mayina a anthu ake kuyambira woyamba mpaka wotsiriza.

Matsenga ake ali powerenga pepala lachiwirilo. Mavoti a chipani amagawidwa ndi chiwerengero cha mipando imene chapata kale m'chigawomo, kuwonjezerapo 1. Chigawo chathu chino cha Mid Scotland and Fife mu 2021 chinali ndi madera 9. SNP, chipani cha Swinney, inasesa 8, lotsalalo anatenga Willie Rennie wa Liberal Democrats ku North East Fife. Ndiye mavoti a SNP a pepala lachiwiri anagawidwa ndi 9, pamene a Conservative, poti analibe dera, anayamba ali athunthu. Mapeto ake pa mipando 7 ija Conservative inatenga 4, Labour 2, Greens 1, SNP osalawa kanthu. Dzina la Fraser limakhala kumtunda kwa mndandanda, n'chifukwa chake amalowa.

Kunena zoona inuyo muli ndi aphungu 8, wa dera mmodzi ndi a chigawo 7. Onsewo mukhoza kuwalembera.

NaBanda_Blair
Aphungu 8 munthu mmodzi! Nanga 2001 sichinali chaka cha chisankho, analowa bwanji?

Mphunzitsi_Stirling
Phungu wa chigawo akatula pansi udindo sipakhala chisankho chachibwereza. Amangoitana wotsatira pamndandanda. Nick Johnston anasiya mu 2001, wotsatira anali Fraser. Pa nthawiyo n'kuti ali loya, mwana wa ku Inverness wobadwa mu 1965, malamulo anaphunzira ku Aberdeen.

Che_Dundee
Ine ndiye sindikugwirizana nazo ngakhale mutafotokoza bwanji. Anthu akukana pakhomo, iwe ukulowera pawindo. Anthu a Perthshire North anena kuti sitikufuna iwe, tikufuna Swinney, mu 2011, mu 2016, mu 2021, kuyambiranso kale dera likutchedwa North Tayside. Munthu wotere amaopa ndani? Saopa ovota ayi, amaopa okonza mndandanda. Bola kwathu, phungu akatikwana timamugwetsa poyera ndipo amadziwa kuti wagwa.

Amalume_Fife
Che Dundee, mwana wanga, tiyeni tiwerenge bwino. Amene anavotera Fraser kuderako ndi anthu zikwizikwi, ndipo pepala lachiwiri anachonganso chipani chake akudziwa bwino lomwe kuti pamwamba pali ndani. Kodi amenewo si anthu? Kwathu munthu amatha kulowa m'Nyumba ndi mavoti osafika n'theka lomwe poti opikisana anali khumi, ena onsewo mavoti awo amathera kudzala. Tinalimbana pa upulezidenti mpaka khoti linagamula za 50+1 mu 2020, koma pa aphungu tikadali pomwepo.

Ndipo pali chinthu choseketsa chimene achinyamata simuchidziwa. A Conservative ankakana kuti Nyumba imeneyi ikhazikitsidwe, pa referendamu ya 1997 anali mbali ya okana. Chaka chomwecho anali ataluza mipando yawo yonse ya Scotland ku Westminster, Nyumba ya Malamulo ya UK yonse ku London, osatsala n'umodzi womwe. Kavotedwe ka mndandanda sankakakondanso. Koma mu 1999 ndi kavotedwe komweko kanawapatsa mipando 18, yonse ya chigawo, kudera osapata ngakhale umodzi. Chitsime chimene ankachilavulira ndi chomwe chinawapulumutsa ku ludzu.

Joni_Boy
Kuno ku Joni ndiye n'zoposa pamenepo madala. Ku nyumba za malamulo za m'mapulovinsi kwenikweni umachonga chipani, mayina amasanja okha ku likulu. Ndakhala ku Gauteng zaka 9, phungu wa dera langa sindimudziwa ngakhale nkhope. Bola inu muli ndi onse awiri.

Che_Dundee
Chabwino amalume, ndamva. Koma funso langa lenileni nali: zaka zoposa 20 m'Nyumba, chipani chake sichinalamulirepo Scotland chiyambire 1999. Wachita chiyani chogwirika? Ndionetseni mjigo umodzi.

Wamavani_A9
Mjigo kuno ayi aise, koma za msewu ndiyankhe ine poti ndimagona mumsewumo. Ndimayendetsa vani yoperekera katundu kuchoka ku Perth kupita ku Inverness katatu pasabata. A9 imeneyi malo ena ili ndi mizere iwiri mbali iliyonse, kenako mwadzidzidzi yapanikizika kukhala umodzi uku umodzi uku, kenako yatambasukanso. Alendo obwera kudzaona mapiri, ozolowera kuyenda kumanja kwawo, amasokonezeka pamenepo. Tsiku lina chakumadzulo m'nyengo yozizira, nditangodutsa Dalwhinnie, ndinaona nyali ziwiri zikubwera molunjika ine, munthu akupitirira thiraki poganiza kuti akadali pa mizere iwiri. Ndinakhotera kumbali mpaka matayala kulowa m'chipale. Ndinakhala pamenepo mphindi khumi manja akunjenjemera, tiyi yense atatayikira pamiyendo. Iyeyo anangodutsa, mwina sanadziwe n'komwe.

Fraser wakhala akukuwa za kukulitsa msewu umenewu kwa zaka zambiri, ine ndisanabwere n'komwe kuno. Boma la SNP linalonjeza mu 2011 kuti pofika 2025 msewu wonse kuchoka ku Perth mpaka ku Inverness ukhala wa mizere iwiri mbali zonse. Mu 2023 anavomera kuti sizitheka, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anatchula 2035. Ine za zipani sindizitsata, koma munthu amene amaimirira kuwakumbutsa lonjezo limeneli ndimamumvera.

Che_Dundee
Ndiye wakuwa zaka zonsezo msewu osatha. Mwandithandiza kunena mfundo yanga.

Wamavani_A9
Amagwira thumba la ndalama ndi iyeyo? Ndiye mwati akatenge fosholo?

Mphunzitsi_Stirling
Apa ndi pamene ife a ku Malawi timaphonya. Tinazolowera kuyesa phungu ndi zinthu zogwira ndi manja, mlatho, buloko ya sukulu, ambulansi yolembedwa dzina lake. Kuno phungu alibe thumba la chitukuko la dera ngati CDF. Misewu ya m'tauni, zinyalala, masukulu ndi za khonsolo. Ntchito ya phungu wotsutsa ndi kufunsa mafunso, kukhala m'makomiti, kusanthula bajeti ndi kusintha mabilu. Fraser anatsogolera komiti ya zachuma, zamphamvu ndi zokopa alendo m'nyengo ya 2011 mpaka 2016, kenako anakhala wolankhulira chipani pa zandalama. Analinso m'komiti imene inafufuza mmene boma linayendetsera madandaulo okhudza nduna yaikulu yakale Alex Salmond, ija Nicola Sturgeon, nduna yaikulu pa nthawiyo, anakhala maola ambiri akuyankha mafunso mu 2021. Ntchito yotere sioneka pa chithunzi.

Mayi_aTadala
Ine ndili ndi umboni wanga, ngakhale sunali wa bamboyu. Nyumba imene tinkachita lendi poyamba inali ndi nkhungu khoma lonse la kuchipinda kwa ana, yakuda bii, moti mwana ankatsokomola usiku wonse. Eni nyumba ankangoti tsegulani mawindo, mu January! Mnzanga wa kutchalitchi anandiuza kuti lembera aphungu ako onse. Ndinalemba kalata imodzi n'kutumiza kwa onse 8. Woyamba kuyankha anali wa chigawo, patangopita masiku awiri, ndipo ofesi yake inalembera oyenera mpaka anthu anabwera kudzayendera nyumbayo. Sanandifunse kuti ndimavotera chipani chanji, sanandifunse kuti kwanu ndi kuti. Maganizo anga ndi akuti a chigawowa amakhala ndi njala yoti adziwike, poti alibe dera loti n'kulitcha lawo.

Joni_Boy
Sanakupatseni ya thiransipoti pobwerera? kkkk

Mayi_aTadala
Iwe Joni_Boy, kuno akakupatsa ndalama ndiye kuti ntchito yamuthera.

Amalume_Fife
Pamenepo mwakhudza chilonda. Msuweni wanga wina anaimapo kumudzi, sinditchula dera. Chaka chonse cha kampeni pakhomo pake pankakhala anthu kuyambira mbandakucha, wina wafuna bokosi, wina fizi, wina galimoto yonyamula maliro kuchoka kuchipatala. Anagulitsa chigayo, anagulitsa ng'ombe, anagwa pa mapulaimale. Atapambana wina uja, zaka zisanu zinathera kumaliro komweko, m'Nyumba sitinamumvepo akutsegula pakamwa. Anthu omwe ankadya zakewo ndi amene anamugwetsa, ati watiiwala. Ndiye mukamati Fraser wachita chiyani, ine ndimati mwina wachita ntchito imene ife aphungu athu sitiwalola kuigwira.

Namwino_Kdy
Amalume mukumukometsera kwambiri munthuyu. Tiyeni tione zimene amafuna, osati khalidwe lokha. Nyimbo yake ndi imodzi: msonkho utsike, ukhale ngati wa ku England. Kuno kuyambira April 2024 kuli magawo 6 a msonkho wa malipiro, 19, 20, 21, 42, 45 ndi 48 peresenti. Ku England ndi 20, 40 ndi 45. Gawo la 42 kuno limayambira ukadutsa £43,662, pamene kumeneko la 40 limadikira mpaka £50,270. Ine ndikachita ma ovataimu ndimalowa mu 42, ndipo zimawawa, sindikana. Koma ambiri pagulu pano amene muli m'nyumba zosamalira okalamba simufika pamenepo, inu mumalipira mofanana kapena kuchepera pang'ono kusiyana ndi anzanu a ku England. Ndiye akatsitsa, wopindula ndani? Ndipo mankhwala olembedwa ndi dokotala kuno ndi aulere kuyambira 2011, ku England amalipira. Ndalama zake zimachoka kuti? Walira mvula walira matope.

Wabizinesi_Dunf
Achemwali, mfundo yake ndi yoti mukawafinya kwambiri madokotala ndi mainjiniya amasamukira ku Newcastle, ndiye msonkho womwewo simuupeza. Ine ndili ndi kashopu, ndikudziwa mmene msonkho wa malo ochitira bizinesi umapweteketsera. Si aliyense amene amati msonkho utsike ali wakuba.

Namwino_Kdy
Sindinati wakuba. Ndati afotokoze chimene adzadule.

MwanaWaKuDedza
Ine mundikhululukire, chipani chimenecho sindingachivotere ngakhale atabwera ndi mngelo. Ndi iwowa anatseka mu March 2024 kuti osamalira okalamba asamabweretse mabanja. Mnzanga anafika mochedwa ndi milungu itatu yokha, mpaka lero ana ake amawaonera pa WhatsApp. Ndi iwowanso anadula thandizo la mayiko osauka kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti mu 2021, ndipo kwathu zinamveka.

Mphunzitsi_Stirling
Ululu wanu ndi woona achemwali, koma tisiyanitse manyumba. Za ma visa ndi za Westminster, Holyrood ilibe mphamvu pamenepo. Fraser kapena Swinney palibe angakusainireni visa. Komanso Labour italowa m'boma ku Westminster inalengeza mu 2025 kuti thandizo lija litsikanso kufika pa 0.3. Boma la Scotland lili ndi kathumba kake kapadera kothandizira mayiko ngati Malawi, kochokera pa mgwirizano umene Jack McConnell, nduna yaikulu ya Scotland pa nthawiyo, ndi Bingu wa Mutharika anasainirana mu 2005.

MwanaWaKuDedza
Nyumba ziwiri koma mtundu wa nsalu ndi umodzi. Akavala buluu ku London, ku Edinburgh avalanso buluu.

Mfana_wa_Ndirande
Pepani kudula nkhani, alipo akudziwa kopeza ufa woyera ku Dundee kapena ku Perth? Wa chikasuwu wandikwana, nsima yake imangokhala ngati keke.

Che_Dundee
Pita kumashopu a anzathu a ku West Africa, ufunse wa ku South Africa wa mapaketi a 5kg. Ukapeza undigulireko, ndikubwezera.

Admini_Gulu
Za ufa zipite ku gulu la malonda chonde. Tibwerere kwa aphungu.

Amalume_Fife
A MwanaWaKuDedza anena za nsalu ya buluu, ndipo mosadziwa agunda pamtima pa mbiri ya munthuyu. Fraser iyeyo anaona vuto lomwelo kale. Anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani, Annabel Goldie, kuyambira 2005 mpaka 2011. Goldie atatula pansi, iye anaima ndi mfundo imene inagwedeza anthu: mukandisankha, chipani chino tichithetsa, tiyambitse china chatsopano cha ku Scotland kuno, dzina lina, chongogwirizana ndi a ku London koma osalamulidwa nawo. Ankati dzina la Conservative linaonongeka kuno moti ngakhale utanena zanzeru anthu satchera khutu.

Ndipo sankanama. Ine ndakhala ku Fife nthawi yaitali, ndasamalira madala amene anali m'migodi ya malasha. Ukangotchula Thatcher, nduna yaikulu ya Britain ya Conservative pa nthawiyo, nkhope zimasintha, amakumbukira sitalaka ya 1984 mpaka 1985, amakumbukira msonkho wa pamutu umene unayambira kuno mu 1989, chaka chathunthu England isanaulawe. Chikhalirecho mu 1955 chipani cha Unionist, kholo la chipani chomwechi, pamodzi ndi anzake chinapeza mavoti opitirira theka ku Scotland. Chinali choima pachokha mpaka 1965. Fraser ankafuna kubwerera kumeneko.

Mamembala anakana. Anasankha Ruth Davidson, amene anali atangolowa m'Nyumba miyezi 6 yokha, mavoti 2,983 kwa 2,417. Davidson anakweza mipando kuchoka pa 15 kufika pa 31 mu 2016 dzina lili lomwelo, ndiye ambiri anati Fraser analakwitsa. Anayesanso mu 2024 Douglas Ross atasiya utsogoleri wa chipani, anapeza 1,187, Russell Findlay 2,565.

Joni_Boy
Munthu woluza kudera, woluza kukonivenshoni kawiri, koma akadali m'chipani momwemo? Kwathu akanayambitsa chake sabata yomweyo, nsalu zitasindikizidwa kale ku China.

Che_Dundee
Apo pokha ndimuvulira chipewa. Bingu anatuluka mu UDF n'kupanga DPP mu 2005, mayi Joyce Banda PP mu 2011, malemu Chilima UTM mu 2018. Uyu anafuna chipani chatsopano, anafunsa eni ake, atakana anakhala pansi n'kugwira ntchito pansi pa amene anamugonjetsa. Komabe musaiwale, akanatuluka akanataya malo ake pamndandanda. Kukhulupirika kwina ndi masamu.

Mkulu_wa_Mpingo
Ine chimene ndimamulemekezera ndi choti saopa kunena za chikhulupiriro ndi za banja. Mu 2014 Nyumba itavomereza maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, mavoti 105 kwa 18, iye anali mwa okanawo. Mu 2024 zinadziwika kuti apolisi anamulemba m'kaundula wawo wa nkhani za chidani zosafika pa mlandu, chifukwa cha zimene analemba pa intaneti, kufanizira munthu wodzitcha kuti si mwamuna si mkazi ndi munthu wodzitcha mphaka. Sanamuuze n'komwe kuti amulemba. Iye analimbana nawo poyera. Ngati phungu angalembedwe chonchi, nanga mlaliki wamba ngati ine?

Namwino_Kdy
Abambo, ndi ulemu wonse, mawu a mphaka aja anali onyoza. Munthu ukhoza kutsutsa ndondomeko ya boma osaseka anthu. Ndimagwira ntchito ndi wachinyamata wina wotero, ndi amene amatsala nane odwala akachuluka. Komanso kaundula amene mukumudandaulayo ndi yemwe amalemba mwana wanu akatukwanidwa pa basi chifukwa cha khungu. Tisamathamangire kuwotcha nkhokwe poti mwalowa khoswe.

Mkulu_wa_Mpingo
Kutukwana mwana pa basi ndi kunena maganizo pa ndale ndi zinthu ziwiri, mayi. Apolisi azisiyanitse.

Mphunzitsi_Stirling
Nonse muli ndi mbali. Chimene Fraser ankadandaula kwenikweni ndi choti munthu alembedwe popanda mlandu, popanda kuuzidwa, pongotengera mmene wodandaula wamvera. Za mawu akewo aliyense aweruze yekha. Ine sindikanawalemba.

NaBanda_Blair
Ndabwera ku shifiti ndapeza mauthenga 60, mwandiphunzitsa zambiri. Funso lomaliza: ine wa visa ya ntchito ndingavote?

Mphunzitsi_Stirling
Kwambiri. Malawi ili mu Commonwealth, komanso kuyambira 2020 lamulo la kuno limalola mlendo aliyense wokhala movomerezeka kuvota pa zisankho za Holyrood ndi za makhonsolo, kuyambira zaka 16. Kalembetseni pa intaneti, ndi mphindi zisanu, mukhale ndi nambala yanu ya National Insurance pafupi.

NaBanda_Blair
Ndilembetsa. Voti yanga sindinaganize, za ana a mnzathu wa ku Dedza zandikhudza. Koma kumulembera ndimulembera bamboyu, ndione ngati amayankha. Kamsewu kamene ndimadutsa popita kuntchito, pakati pa minda ya zipatso, anthu amabwera usiku kudzataya matiresi, mafiriji akufa ndi matayala. Sabata yatha ndinatsala pang'ono kugwa panjinga nditagunda chitseko cha kabati mumdima.

Wamavani_A9
Pamenepo ndiye mwagogoda pakhomo loyenera achemwali. Mu 2022 iyeyu anabweretsa ganizo la bilu yake yokhwimitsa chilango kwa otaya zinyalala m'misewu ndi m'minda, poti alimi ndi amene ankalipira ndalama zochotsera zinyalala za eni. Chindapusa cha pompopompo boma linachikweza kuchoka pa £200 kufika pa £500 mu January 2024. Jambulani zithunzi, lembani tsiku ndi malo, mutumize ku khonsolo kaye, kenako kwa iye ndi kwa Swinney yemwe, apikisane pokuyankhani.

NaBanda_Blair
A Mphunzitsi, ndikalemba ndikutumizirani kumbali mundikonzere chizungu. Poyamba ndiyambe ndi "Honourable" kapena?

Mphunzitsi_Stirling
Ayi, "Dear Mr Fraser" basi. Musaiwale kuika adiresi yanu ndi postcode pamwamba, amayamba aona ngati mulidi m'chigawo chawo.

Mfana_wa_Ndirande
Ufa ndaupeza. Che Dundee, £9 yanu ija mutumize.